Ndinapempherera Mkulu wa Nkhondo Pamaso pa Mpalestina

Anagogoda m'mawa wa Lachiwiri, Khirisimasi ya 2005 itangodutsa. Ndinali nditavala kale yunifomu ya ku warehouse komwe ndinkagwira ntchito, kapu ya tiyi ili m'manja. Pakhomo panali abambo awiri ndi mayi mmodzi a ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, onse aulemu wawo. Anafunsa dzina langa ngati sakulidziwa.

"Chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chinatha," anatero mayiyo. "Tengani jekete, kunja kukuzizira."

Anadikira kuti akazi anga afike kuchokera ku night shift, poti ankagwira unamwino pachipatala cha ku Walsall ndipo mwana wathu wamkazi anali akadali m'tulo. Atafika anaima pakhomo n'kundifunsa:

"Abambo, mapepala a chilolezo aja si tinatumiza?"

Tinatumizadi, koma ku ofesi ankati sanawaone. Akazi anga sanalire. Anathamangira kuchipinda, n'kundiika Baibulo m'thumba la jekete.

Kupolisi anandilanda lamba ndi zingwe za nsapato. Wofunsa mafunso anali mnyamata wachimfine, ndipo anabwereza zomwezomwezo mpaka dzuwa kupendeka: ndinalowa liti, ndimagwira kuti, ndani anandilemba ntchito. Pomaliza anatembenuza Baibulo langa n'kuona kambendera koyera ndi kabuluu komata pachikuto.

"Wa ku Malawi, koma mbendera ya Israeli?"

"Ndi zakutchalitchi," ndinayankha.

Ndi zoonadi. Mpingo wathu unkakumana pamwamba pa sitolo ina ku Lozells, mumzinda wa Birmingham, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia. Lamulungu lililonse, tisanapereke chopereka, tinkaimirira kupempherera mtendere wa Yerusalemu ndi atsogoleri ake. Abusa ankaikonda zedi mbiri ya nduna yaikulu ya Israeli ya nthawi imeneyo. Ankatiuza mmene munthuyo, ali mkulu wa asilikali pankhondo ya 1973, anawolotsera gulu lake ngalande ya Suez mutu uli ndi bandeji, ndi mmene anavulira yunifomu n'kulowa ndale mpaka kukwera pampando. Ankamutcha Yoswa wa masiku ano, ife n'kumati ameni. Mbiri yake yomwe ndinkadziwa inali yomweyo basi.

Chaka chisanathe ananditengera kumalo osungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo, kutali ndithu ndi Birmingham. Mlonda wotilandira anati, "Ino si ndende, bwana. Ndinu alendo athu." Atatero anakiya chitseko.

M'chipindamo ndinapeza bambo wowonda, wa imvi za m'mbali, msinkhu wanga womwe. Tinkalankhulana Chingerezi, iye chake chothyoka, ine changa. Anandionetsa bedi, nandiuza kuti mpunga wa Lachinayi ndisadye. Anati ndi Mpalestina wobadwira mumsasa wa othawa nkhondo ku Beirut, ndipo anali atakhala mmenemo kupitirira chaka chifukwa panalibe dziko lovomera kumulandira. Ine ndinali ndi dziko londilandira, ndipo vuto langa linali lomwelo. Baibulo ndinaliika patebulo lapakati pa mabedi athu, kambendera kali pamwamba. Analiyang'ana kamodzi basi. Ine Palestina ndinkangoimva pawailesi, moti sindinaganizepo n'komwe.

Chaka chatsopano chitangolowa anandiitana ku ofesi. Mayi wina anandiuza kuti andigulira mpando pandege ya ku Lilongwe, pakati pa Januwale. Madzulo ake ndinaimba kunyumba. Mwana anatenga foni n'kufunsa, "Daddy, are you coming home?" Ndinamuuza kuti apatse amayi ake foni.

Chotsala chinali chimodzi: loya waulere yemwe ankabwera kamodzi pasabata. Yekhayo ndiye akanapempha woweruza kuti aimitse ndege. Koma ankaonana ndi anthu ochepa patsiku, ndipo mzere wake unali wautali. Mlonda anandiuza kuti ine ndidzaonana naye mu Febuluwale.

"Ndege yanga ndi ya mwezi uno," ndinatero.

"Pepani, bwana, mzere ndi mzere."

Sabata yomweyo, tili m'chipinda chodyera, TV inalengeza kuti nduna yaikulu ya Israeli yadwala sitiroko ndipo ili chikomokere m'chipatala. Anaonetsa zithunzi zakale: bandeji ija, kenako iye atavala suti, kenako asilikali ake akutulutsa Aisraeli anzawo m'midzi ya ku Gaza miyezi ingapo m'mbuyomo. Ena anaomba m'manja, ena anapitiriza kudya. Mnzanga uja anaika supuni pansi n'kutuluka.

Masana aliwonse ankatitsekera m'zipinda kuti atiwerenge. Tsikulo chitseko chitangotsekedwa, ndinachita zomwe tinazolowera ku Lozells. Ife kwathu sitipemphera chamumtima. Ndinaimirira, Baibulo m'manja, n'kumayendayenda pakati pa mabedi, mawu ali pamwamba, Chichewa ndi Chingerezi mosakaniza. Ndinayamba ndi za ndege yanga. Kenako pakamwa panangopita pokha, ndinatchula dzina la wodwala uja, ndikuti Ambuye mudzutseni kapolo wanu, mudzutseni! Nditati ameni, mnzanga anali chikhalire pabedi, akundiyang'ana.

"Ukumudziwa munthu ameneyu?" anafunsa.

Ndinamuuza za ngalande ndi bandeji.

"Khala pansi, m'bale," anatero.

Analankhula motsitsa, ngati akufotokoza njira yopitira kumsika. Mu 1982 munthu uja anali nduna ya zachitetezo, ndipo asilikali ake anali atazinga misasa ya ku Beirut. Iwo anaima kunja. Amene analoledwa kulowa anali gulu lankhondo la ku Lebanon komweko, logwirizana nawo. Mnzangayo, ali mwana, anali atatumidwa kwa azakhali ake kunja kwa msasa ndipo anakanika kubwerera. Atabwerera anapeza bambo ake ndi mlongo wake pakhomo ataphedwa. Anandiuza mmene anawapezera. Zimenezo sindilemba.

"Olowawo anali Akhristu," anatero, "ena ndi mitanda m'khosi."

Anapitiriza kuti boma la Israeli lomwe linafufuza nkhaniyo, n'kupeza kuti ndunayo ili ndi mlandu wosaletsa zomwe zinali zodziwikiratu. Inachoka paudindowo. Patapita zaka, anthu anaivotera kukhala mtsogoleri wa dziko.

Manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Ndinatembenuza Baibulo kuti kambendera kayang'ane pansi. Mlonda anatsegula kazenera ka pachitseko, anati "awiri", n'kutseka.

Masiku otsatira sitinalankhulane kwenikweni. Ndinkapemphera chamumtima, nditayang'ana kukhoma, ndipo ndege inkayandikira. Akazi anga anabwera ndi chikwama cha zovala zanga zoti ndipite nazo. Anachisiya kwa alonda, ndipo pocheza sitinachitchule.

Tsiku lobwera loya, m'mawa, mlonda anaitana dzina la mnzanga. Inali nthawi yake, yomwe anaidikira kuyambira Khirisimasi isanafike. Sanadzuke pabedi.

"Apite uyu," anatero, akundiloza ndi chibwano.

"Ukasiya ubwerera kumapeto kwa mzere," anatero mlonda.

"Ine ndilibe ndege."

Ndinafuna kukana, koma ndinene zoona, sindinakane mwamphamvu. Ndili pakhomo ndinatembenuka n'kumuuza kuti andikhululukire za pemphero lija, ndipo sindidzabwerezanso.

"Iyayi," anatero. "Bwanji wasiya? Iwe uli ndi mawu aakulu, mwina kumwamba amakumva. Mupempherere adzuke."

Ndinaganiza kuti akundinyogodola, koma nkhope yake inali phee.

"Amene anaomba m'manja aja ndi ana. Ine sindikufuna afe. Adzuke, akhale pampando, wina amufunse za bambo anga pamaso pa anthu. Akangofa, ndani ayankhe?"

Loya anamva nkhani yanga, anaimbira foni akazi anga, ndipo woweruza anaimitsa ulendo wanga ndege itatsala pang'ono kunyamuka. Mapepala aja anapezeka ku ofesi komwe ankati kulibe. Palibe anapepesa. Kumayambiriro kwa Febuluwale anandibwezera lamba ndi zingwe za nsapato, n'kundipatsa tikiti ya sitima ya ku Birmingham. Mlonda wotilandira uja anati, "Muyende bwino, bwana, tinasangalala kukhala nanu." Mnzanga anandiperekeza mpaka pachitseko chachiwiri, pomwe iye sankaloledwa kupyola. Anandikumbutsa kuti ndimusiyire sopo.

Ufulu sindinaumve mmene ndinkayembekezera. Ndinafika ku Walsall, mwana anandikakamira m'khosi, ndinadya, ndinagona. Koma kwa miyezi ingapo, ndikafika pachitseko chilichonse ndinkaima kudikira kuti wina atsegule. Ndipo ndinkadziwa kuti ndikuyenda pamsewu chifukwa munthu wina anabwerera kumapeto kwa mzere. Ndinaimbako foni kumalo kuja kangapo. Ulendo womaliza anandiuza kuti mnzanga uja anasamutsidwa, ndipo sangandiuze komwe ali poti sindine m'bale wake.

Lamulungu loyamba ku Lozells anthu anaimba ndi kuvina chifukwa cha ine. Tisanapereke chopereka, abusa anati tiimirire, ndipo poti ndinali nditaona dzanja la Mulungu, anandipatsa ine maikolofoni kuti nditsogolere pemphero la Yerusalemu ndi la mtsogoleri wodwala uja.

Ndinapemphera mokweza monga kale. Ndinati Ambuye mudzutseni, ndipo mpingo wonse unati ameni. Ndinati mumubwezere nzeru zake zonse ndi pakamwa pake, iwo ameni. Kenako ndinati mudzutseni chifukwa pali munthu wina, wopanda dziko, yemwe ali ndi funso loti amufunse za bambo ake ndi mlongo wake. Pamenepo ameni anachokera kwa akazi anga okha.

Zaka zonse zomwe tinakhala ku Walsall wodwalayo anali chigonere, sanadzuke. Ine sindinasiye kumupempherera, chifukwa amene anandituma sanandiuzepo kuti ndileke.