Mitengo ya Nyumba ya Akulu Anga

Ndinaphunzira kuwerenga ndili kale ndi ndevu, m'kalasi ya akuluakulu pa katchalitchi kathu ku Zemba. Tsiku lina tikulimbana ndi mawu akuti chiwonongeko, wansembe wachizungu amene ankabwera pa njinga yamoto anatiuza kuti m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi mawu amenewa anachokera ku Chilatini. Tsinde lake, ati, ndi kusanja zinthu pomanga, ndipo kutsogolo anangoikako kachidutswa kosonyeza kubweza ntchitoyo. Ine ndinati, "Abambo, kumeneko kwathu kuno ndi kupasula. Kuwononga ndi kwina." Anaseka, koma ndinadziwa kuti ndalondola.

M'zaka zija za chipani chimodzi, nkhondo ya ku Mozambiki itakula, akulu anga anamwalira tisanayanjane pa mkangano wa dimba. Mwambo wathu ndi wakuti nyumba ya womwalira sigonedwanso. M'meto ukatha imagwetsedwa. Amalume anagamula kuti tingoitentha, ntchito ichepe.

Masiku omwewo, pansi pa mango kuseri kwa mudzi pankagona bambo wina wothawa nkhondoyo, pamodzi ndi mkazi wake ndi ana. Mvula inali pafupi, ndipo mitengo yomangira inali kutali kuphiri. Ndinamufunsa za mawu a Chipwitikizi aja. Anawatchula bwinobwino, nati ndi omwewo amene amanenera mudzi wotenthedwa ngati wawo. "Koma kwathu kunalibe chobweza, achimwene," anatero. "Phulusa lokhalokha."

Ndinapita kwa amalume.

"Amalume, nyumbayi ndipasula ndi manja. Mitengo ikamangire alendo aja."

"Ha! Wa sukulu ya ndevu wayamba kutiphunzitsa maliro?"

"Igwa ndithu, simudzapezapo chipupa. Koma moto ayi."

"Nanga mzimu wa mkulu wako ukalondola mitengo yake?"

"Ulondole ine. Tili nayo kale nkhani yosatha."

Alamu anga, amasiyewo, anayankhira pamphasa osadzutsa mutu: "Asiyeni, amalume. Malemu aja luzi lokugwa pansi ankatola, ndiye nsichi zonsezi zipse?"

Kupasula kumayambira pomwe womanga anathera. Ndinakwera padenga n'kutsitsa udzu m'mitolo. Luzi ndinamasula mfundo ndi mfundo, n'kuliviika m'madzi kuti lifewe. Kenaka phaso, kenaka nsichi, mzati pomalizira. Dothi la zipupa tinalisalaza ndi makasu, kuti malemu aone kuti pawo patha. Mfundo zawo ndinazidziwa zonse, chifukwa ndiwo anandiphunzitsa kumanga. Sindinadule ngakhale imodzi.

Mvula yoyamba inapeza alendo aja ali m'nyumba. Kutacha amalume anadutsa, nakankha nsichi ya pakhomo ndi phewa. Sinagwedezeke.

"Yapendama," anatero. "Ngati mmene ankamangira mkulu wako."

Atatero anawerama n'kulowa kukalonjera alendo.