Chaka Chimene Kompyuta ya Kusukulu Kwathu Inadwala

Pakhomo pa ofesi ya ahedi pankakhala beseni lapulasitiki lobiriwira, losweka pang'ono m'mphepete, ndi kachidutswa ka sopo wochapira zovala kamene kankatha msanga kuposa choko. Lamulo linali limodzi: wosasamba m'manja asakhudze kompyuta. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo ambirife tinkafika kusukulu zala zili bii ndi phula la masamba. Madzi a m'beseni lija ankazizira mpaka kuluma m'mafupa, monga amachitira madzi a kumapiri kwathu ku Dowa mwezi wa Juni, koma wodandaula panalibe. Tinkatikita zala mpaka kuyera, n'kuima pamzere titatambasula manja kuti aphunzitsi awaone.

Kompyutayo inali imodzi yokha. Anthu ena akufuna kwabwino anadzaisiya pamodzi ndi sola ya padenga, n'kujambula zithunzi, n'kumapita. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, mu Sitandade 7. Aphunzitsi amene anapatsidwa udindo woisamala anali ataphunzirako za makompyuta sabata ziwiri zokha ku Mponela, koma kwa ife anali katswiri wotheratu. Ankatilowetsa awiriawiri. Tsiku limene anatiuza kuti kachinthu ka mchira kaja dzina lake ndi mbewa, kalasi yonse inafa ndi phwete, wina n'kufunsa ngati mbewa ya mtundu umenewu amaifutsa kapena amangoiwamba.

Kumudzi aliyense anali ndi chonena pa chinthu chimene sanachionepo. Ena ankati chimaononga maso, ena ankati azungu amamvera momwemo zonse zimene tikukamba. Malume anga, amene anali atagula wailesi yoimba nyimbo za pa fulashi, ankadziona ngati ophunzira pa nkhani zimenezi. "Makalaliki onse a m'maofesi ntchito yawathera," ankatero, uku akusekerera, chifukwa makalaliki anawakhazikapo pabenchi tsiku lonse. Amayi funso lawo linali lalifupi: "Chimapalira?" Nditayankha kuti ayi, anati ndikatha kuchisisita ndizibwera msanga kuchigafa, masamba sadzisankha okha.

Koma ine ndinachikonda chinthu chija, ndinene mosabisa. M'kope ukalakwitsa n'kufufuta, pepala linkada kapena kubooka, aliyense n'kuona kuti apa panalakwika. Pa kompyuta unkangodina kabatani, cholakwa n'kuzimiririka osasiya chipsera. Posakhalitsa zala zanga zinayamba kuthamanga kuposa za anzanga onse, ndipo aphunzitsi anandipatsa ntchito yolemba mayina a ana a sukulu yonse tikaweruka. Ndinkakhala ndekha pampando wa ahedi, mapazi osafika pansi, fungo la fumbi lotentha likutuluka kuseri kwa makina. Ndinali ndisanasankhidwepo pa chilichonse, choncho ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ndipo anzanga ankaona.

Bambo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, atadwala nthawi yaitali mpaka kutha thupi. Kunyumba tinkati chinali chifuwa. Kumudzi ankati "matenda omwewa," mawu atatsitsa. Nawonso amayi nyengo imeneyo ankatsokomola m'mamawa, ndipo chitenje chinkawazungulira mochuluka kuposa kale, koma ine ndinkati ndi fumbi la fodya.

Lachisanu lina ndinamaliza mayina a Sitandade 5 chala changa chili ndi bala, poti dzulo lake ndinadzibaya ndi singano yosokera mabelo. Lolemba m'mawa aphunzitsi atayatsa kompyuta, anapeza zonse palibe. Mayina aja, makalata a ahedi, mafunso a mayeso a kumapeto kwa teremu, zonse zii. Analowa m'kalasi nkhope ili yakugwa, n'kunena mawu amene sindidzawaiwala: "Kompyuta yalowa kachilombo. Pasapezeke woikhudza."

Lero ndimagwira ntchito yopanga mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta ku Lilongwe, ndipo ndikudziwa kuti aphunzitsi aja sananame. Anangotenga liwu lachingerezi limene anaphunzira ku Mponela n'kulitembenuza m'chinenero chathu, mwaulemu wake, kuti ana amve. Koma zaka zimenezo kwathu liwu loti kachilombo linali ndi tanthauzo limodzi basi, ndipo tanthauzolo linali litadzaza manda. Anzanga a kuntchito amakonda kuseka anthu akumudzi kuti samva za makina. Ine ndimakwiya nazo. Timawatumizira zida zopanda wozikonza, timawapatsa mawu obwereka kuchipatala, kenako tizidabwa kuti amva za kuchipatala? Pa pulogalamu iliyonse imene ndimalembapo Chichewa, liwu limenelo ndimalikana. Ndimalemba kuti pulogalamu yoononga, ngakhale akuluakulu anga adandaule kuti mawuwo ndi aatali, sakukwana pa kabatani.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ana anatenga liwu lija n'kupita nalo kumakomo, ndipo pofika Lachitatu kumjigo nkhani inali itapsa: mwana wa malemu uja wapatsira makina a sukulu. Nanga si ndiye anali womaliza kuikhudza? Nanga si ena anamuona ali ndi bala pachala? Mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi anasamukira kumbuyo, akuti pawindo pamazizira. Pamzere wa phala ankandisiyira mpata waukulu kutsogolo ndi kumbuyo ngati ndine mlendo wolemekezeka. Komiti ya sukulu inakumana n'kugamula kuti makinawo akakonzedwa, mwana ameneyu asadzayandikirenso ofesi. Aphunzitsi anayesa kunena kuti kachilomboka si ka anthu ayi, koma mkulu wina wa komiti atawafunsa kuti, "Nanga kalowa bwanji, poti chitseko mumakhoma?" iwo anavomera kuti sakudziwa.

Choopsa n'chakuti inenso ndinakhulupirira. Ndinkayang'ana kabala kaja kakuuma, n'kumadziuza kuti zimene zinatenga bambo zili mwa ine, ndipo ndapha nazo chinthu chokhacho chimene ndinkachidziwa bwino. Ndinali ndi mantha, komanso manyazi aakulu. Kunyumba ndinapatula chikho changa n'kumachibisa kuseri kwa mtsuko. Amayi anazindikira tsiku lachitatu, ndipo atandipanikiza tili m'chigafa ndinawauza zonse. Manja awo anaima pamwamba pa mulu wa masamba. Sanandikalipire, sananditonthozenso, anangoyambanso kusankha masamba aja, fodya akununkha, mphepo ikuwomba udzu wa padenga.

Amene anachita phokoso ndi malume. Anati akapita kusukuluko akagubuduza matebulo, anthu adziwe kuti mwanayu ali ndi mwini wake. Amayi anawaletsa. "Achimwene, khalani pansi. Safunsa anadya phula. Akuti kukubwera wokonza, tikamufunse yekhayo."

Wokonzayo anafika Lachisanu lotsatira pa njinga ya kabaza, ndipo anthu anadabwa kawiri, chifukwa anali mayi, komanso anavala buluku. Anali wa ku Mponela, wamng'ono thupi, chikwama chakuda kumsana. A komiti anadzaza mu ofesi, ana anaunjikana m'mawindo, ine ndi amayi ndi malume tinaima pakhomo. Mayiyo anadinadina kanthawi, kenako anatembenuka n'kufunsa, "Alipo analowetsapo fulashi apa?"

Aphunzitsi anayang'ana malume, malume anayang'ana kudenga. Zinadziwika kuti Lachisanu lija, ine nditapita kale, malume anadzera kusukulu kudzapempha aphunzitsi, amene anali mnzawo wa pabawo, kuti awachotsere nyimbo zina zobwerezabwereza pa fulashi yawo. Fulashiyo inali m'thumba la jekete lawo nthawi yomweyo. Anaitulutsa ndi zala ziwiri ngati yotentha. Mayi uja anailowetsa pa kompyuta yake yaing'ono, n'kuloza pagalasi. "Nako kachilombo kanu. Kanabwera ndi nyimbo kuchokera kumene munakabenetsa."

Ana a m'mawindo anaseka mpaka ena kugwa. Malume, munthu wogubuduza matebulo, anangoti, "Aa, komatu nyimbo zake n'zauzimu," ndipo mawu amenewa anawatsatira mpaka ukalamba wawo. Koma mkulu wa komiti uja sanakhutire. Anafunsa mozungulira, monga amafunsira akulu, ngati magazi a munthu wodwala sangathe kuchititsa zoterezi. Mayiyo anayamba kuseka, koma ataona kumene maso a anthu onse analoza, kuseka kunatha. Anati kachilomboka ndi malangizo oipa amene munthu wina analemba mwadala kuti azisokoneza makina, ndipo sikadziwa magazi, thukuta kapena malovu a munthu. Kenako anandikodola. "Iwe, bwera ukhale apa."

Ndinalowa mu ofesimo. Anandikhazika pampando, n'kuika dzanja lake pamwamba pa langa, pa mbewa paja, anthu onse akuona. Dzanja lake linali lofunda, lonunkhira mafuta odzola. Anandiuza poti ndidine, ndipo mayina aja anabwerera onse, Sitandade 1 mpaka 5, monga ndinawalembera. Anati sanafufutike, kachilomboko kanangowabisa. Ahedi anapuma mpweya waukulu poona mafunso a mayeso. Za chigamulo cha komiti palibe anazitchulanso, ndipo Lolemba lake ndinayamba kulemba mayina a Sitandade 6.

Anthu atayamba kubalalika, amayi anasendera pafupi, n'kugwada pambali pa tebulo monga ankachitira polankhula ndi munthu wa udindo, ngakhale wokonzayo anali mwana kwa iwo. Ine ndinachita manyazi, ndinkati afunsanso ngati chimapalira.

"Pepani mayi, ndifunse nawo. Ndiye kakalowa, chinthucho basi chatha?"

"Ayi mayi. Choopsa n'kusadziwa kuti kalowa. Mukadziwa, mumaikamo chotetezera. Kena kamachoka, kena kamangotsekeredwa pakona."

"Kamakhala momwemo?"

"Momwemo, koma sikaluma."

"Chinthu n'kumagwirabe ntchito?"

"Zaka ndi zaka, bola kuchisamala."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuthokoza kawiri. Pobwerera kunyumba ine ndinkangolongolola za mmene mayina anabwererera.

Sabata yotsatira anandidzutsa kusanache bwino, n'kunena kuti tikupita ku boma, kuchipatala, akaonetse chifuwa chawo. Ndinanyinyirika njira yonse, chifukwa tsiku limenelo linali langa la pa kompyuta. Tinakwera matola, chisanu chikutimenya kumaso, mapiri a ku Ntchisi akuoneka patali m'nkhungu. Kuchipatalako tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Analowa okha kachipinda kena, n'kukhalitsa, kenako anandiitana. Namwino anandibaya pachala, ine n'kumati akuyeza malungo.

Amayi alipo mpaka lero. Tsitsi layera, koma mlimi wa mtedza woposa iwo m'mudzi mwathu sindikumudziwa. Mankhwala awo amamwa tsiku ndi tsiku osaphonya, ndipo foni imene ndinawagulira amanditumizira nayo mauthenga a mawu aatali, odandaula za netiweki ndi za mbuzi za eni ake. Anadzandiuza okha ndili ku sekondale kuti chiyambire maliro a bambo ankaopa kukayezetsa, poganiza kuti kudziwa ndiye kufa kumene. Anamvapo uphungu pa wailesi ndi kutchalitchi, koma onse olankhulawo ankaoneka kuti akuwanyengerera. Mayi wa buluku uja sankanyengerera munthu, ankangonena za makina.

Zonsezi tsiku lija sindinkazidziwa. Ndikukumbuka kuti titatuluka pachipata cha chipatala anandigulira mandasi awiri ndi nzimbe, zinthu zimene sankagula wamba. Anandigwira kumutu ndi manja onse awiri, maso ali ofiira koma akumwetulira, n'kunena kuti, "Iwe uli bwinobwino, mwana wanga. Ulibe kalikonse. Kompyuta ija uziigwira mmene ungafunire." M'chikwama mwawo munkalira timabotolo tatsopano tikamayenda. Ine ndinasangalala kwambiri, ndinkadumphadumpha mumsewu wonse wopita kokwerera galimoto, mafuta a mandasi ali noninoni pakamwa, ndikuwerengera masiku otsala kuti lifikenso tsiku langa. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu kuti ndifunse kuti, nanga inuyo amayi, akupezani bwanji?