Pedulo ndi Pedulo

A telala a pakhonde la golosale mapazi awo sapuma. Ngakhale m'tchalitchi amangopondaponda pansi ngati akusoka. Mawu akuti pedulo, iwo amati anabwera ndi makina osokera, anjinga ndi agalimoto anangobwereka. "Wodziwa imodzi wadziwa zonse," amatero.

Tsiku lina atapempha kuyendetsako, mkamwini wawo, poopa kutsutsa apongozi, anawakhazika pachiwongolero cha galimoto yake yatsopano, injini ikulira. Madalawo anavula nsapato n'kuyamba kupalasa mapedulo ndi mapazi onse awiri. Galimoto inadumphadumpha ngati chule mpaka kukagunda mpanda, nyali phwaa!

"Bambo, mwatani?" anakuwa mkamwini, manja ali kumutu.

A telala anatsika mosatekeseka, anasuzumira momwe matayala anadutsa, n'kupukusa mutu.

"Mapazi anga alibe mlandu, mwananga. Makina akowa sunawaike ulusi."