Kambuku Wopanda Mchira

Alamu anga, amuna a achemwali, atapuma ntchito kunjanji anayamba ntchito yosabereka: kutolera masitampa a nthawi ya atsamunda. Munthu wamkulu ndi imvi zake, tsiku lonse galasi lokuzira zinthu lili padiso, kufunafuna pamene makina a azungu anaphonya. Akapeza kadontho pamphuno ya mfumukazi amakuwa ngati mbuzi yabereka atatu. Zachibwana zenizeni!

Komabe galasi lawolo ndi limene linanditengera kwawo. Bambo anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito pamgodi, namwalira ku komboni ya Kasanda kuno ku Kabwe ife tili aang'ono. Dzina la mudzi wawo sitinalidziwe. Mayi atatisiya, ndinapeza envulopu imodzi m'chitini chawo, kalata mulibe, koma kumbuyo kwake m'bale wa bambo analemba keyala ndi inki yabuluu yozilala. Maso anga anakanika kuiwerenga.

"Alamu, ndiwerengereniko mudzi uwu. Ndikufuna ndikaone abale a bambo ndisanafe."

Iwo kumbuyoko sanatembenuze n'komwe. Diso linakakamira pasitampa ya paenvulopuyo. Ati inali ya Nyasaland, ya kambuku, ndipo inki sinagwire pamchira.

"Mayo ine! Isiyeni, alamu, ndiwerenga bwinobwino. Mubwere mawa."

Kupusa kwanga, ndinaisiya.

M'mawa mwake ndinawapeza pakhonde akumwetulira, beseni la madzi ofunda lili pambali. Anthu a masitampa amati akafuna kumatula sitampa amadula kangodya ka envulopu n'kuviika m'madzi. Koma akatswiri athuwa anaopa kuti sizasi ingalume timano ta m'mphepete, ndiye anamiza envulopu yonse. Yonse!

"Nanga mudzi uja mwalemba pati?"

Anakanda m'mutu. "Aaa, ndimati ndiwerenge ikauma. Koma taonani kuno, mchira palibe! Yotereyi simungaipeze Kabwe yense."

Anandipatsa chipepala chonyowa chokhala ndi banga labuluu. Ndinachiyanika padzuwa, ndinachiunika pawindo, osaoneka ngakhale chilembo chimodzi. Sindinalire pamaso pawo. Munthu wotere sumupatsa misozi yako. Ndinangowauza kuti mutu wawo ndi umene makina anaphonya, achemwali n'kundikwiyira mwezi wathunthu.

Mpaka lero kambukuyo ali m'buku lawo, m'kapulasitiki, ndipo samugwira ndi zala, amachita kumunyamula ndi kachitsulo kuti asavulale. Alendo akabwera amawaonetsa monyadira, ati n'chosowa kwambiri. Madzi a m'beseni aja achemwali anathirira maluwa, ndipo mudzi wa bambo unathera pamenepo.