Madayapa a ku Joni

Ndinachoka ku Kanyama mwana wanga Tiyamike ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Bambo ake anali atapita kwa mkazi wina ku Matero, ndipo tomato amene ndinkagulitsa pakhomo sankakwanira ngakhale sopo. Msuweni wanga atandipezera ntchito ya m'nyumba ku Joni, sindinaganize nthawi yaitali. Ndinamuletsa kuyamwa, ndinamusiya m'manja mwa amayi, n'kukwera basi mabere akuwawa.

Kumeneko ndinkalera mwana wa abwana. Mwanayo sankadziwa thewera lochapa, ankavala madayapa, matewera otaya aja. Ukamuvula umangopinda n'kuponya m'bini, Lachiwiri galimoto n'kudzatenga. Ine ndimachita manyazi ndi anthu, moti masiku ambiri ndinkangolankhula ndi khandalo basi. Ndikamamusintha ndinkaganiza za amayi akuchapa matewera a Tiya ndi manja awo a nyamakazi, madzi ake ochita kugula pa mpopi.

Nditalandira malipiro oyamba ndinagula madayapa, phukusi lalikulu, okhala ndi tinjovu tobiriwira, n'kupatsira dalaivala wa basi. Mwezi uliwonse ndinkatero. Kulemba kumandivuta, ndiye tinkatumizirana mawu pa foni. Amayi ankanena akuseka kuti Tiya anthu akumutcha kamzungu, ndipo azimayi a pa mpopi amamukweza diresi kuti aone tinjovu. Mawu amenewo ndinkawamvetsera kambirimbiri. Ndinkadzimva kuti ndine mayi ndithu.

Ndinabwerera patatha chaka ndi theka, mvula ili pakati, chifukwa pepala langa lokhalira kumeneko linatha. Kunyumba ndinafika modumpha pa njerwa. Ngalande ya kuseri kwathu inali itatsekeka, madzi n'kulowa m'nyumba za kumunsi. Azibambo anali momwemo ndi mafosholo, akuvuula mabotolo, mapulasitiki ndi madayapa otupa ngati buledi wonyowa. Tinjovu tinkaonekabe bwinobwino. Mu mzere wathu wonse panalibe wina amene anali nawo otero.

Bambo wina anakweza limodzi pa fosholo. "Ba Joni, mwabwela? Katundu wanu uyu, siunaonongeke." Anthu anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi n'kulowa m'nyumba.

Ndinafunsa amayi chifukwa chake sankawawotcha. Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Ungashoke matuvi ya mwana iwe? Ufuna atuluke vilonda kumatako?" Zimenezo ndinkazidziwa, ndinakula nazo, koma pogula sindinazikumbukire. Anati m'chimbudzi a landilodi analetsa poti chimadzaza msanga, ndipo otola zinyalala safika kwathu njira ikadzaza matope. Choncho m'mawa uliwonse ankawamanga m'pulasitiki n'kuponya m'ngalande, poganiza kuti madzi adzapita nawo. Sanandiuze chifukwa ankaona mmene ndinkasangalalira potumiza.

Nyumba yoyamba kulowa madzi inali ya bana Mwape, mayi amene anandiperekeza ku kiliniki tsiku limene ndinachira. Mwana wawo wamng'ono, Chanda, anabadwa mwezi umodzi ndi Tiya. Madzi atalowa anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, mpaka anakagonekedwa kumene amaika odwala kolera. Sindinganene kuti ndi madayapa anga okha, m'ngalandemo munali zinyalala za aliyense. Koma za enawo zinalibe chizindikiro.

Panapita masiku atatu ndisanalimbe mtima. Maphukusi awiri amene ndinabwera nawo ndinawakankhira pansi pa bedi, Tiya ndinamuveka thewera lansalu. Tsiku lachinayi ndinapita, mawu opepesa nditawakonza bwino m'mutu.

Ndinapeza Chanda atatulutsidwa kuchipatala, atagona pa mphasa, maso atalowa m'kati, atamukulunga chidutswa cha chitenje. Pakhoma madzi aja anali atasiya mzere wakuda wofika m'mawondo. Ndinagwada pakhomo. Bana Mwape anandipatsa kampando, anafunsa za ulendo, anafunsanso ngati n'zoona kuti ku Joni kulibe matope. Za ngalande sanatchule. Nditati ndiyambe, anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Amake Tiya, ngati mwabwela nayo yenangu, nipaseniko yabili chabe. Akali kuthulula uyu, na vitenge siviuma na mvula iyi."

Ndinapita kukatenga phukusi limodzi lathunthu. Analilandira ndi manja awiri, n'kuwomba m'manja kundithokoza. Sindinawafunse kuti azikawataya kuti. Ngalande ija imadutsa pakhomo pawo penipeni.