Injini ya Malume ndi Matumba a Feteleza

Chinali chaka cha 1981, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndinkakhala kwa malume anga kwa Lukwa. Anandisunga kuti ndiphunzire, chifukwa kwa mayi sukulu inali kutali. Ndinali mu Sitandade 6.

Malume anagwirapo ntchito kunyanja, ndipo anabwerako ndi boti lamatabwa ndi injini yake yopachika kumbuyo. Anthu anawaseka kuti boti litani kudziko la fodya. Koma mvula ikakhazikika, mtsinje wathu unkameza mlatho wamitengo, pomwe feteleza wotsika mtengo wa kalabu ya alimi ankatsitsidwa kutsidya. Nyengo imeneyo oseka aja ankabwera chipewa chili m'manja.

Injiniyo inalibe chingwe chokoka. Inkalira ndi batire, munthu akadina batani. Pansi pa chivundikiro chake panali fyuzi, kagalasi kochepa ngati kachidutswa ka bango. Mafyuzi ndinkasunga ndine, m'bokosi la machesi, poti pabanjapo wotha kuwerenga manambala ake ndinali ndekha. Analipo anayi.

Mwezi wa Januwale fodya anayamba kuyezuka m'minda, feteleza ali kutsidya. Tinatulutsa injini m'chigafa cha fodya, n'kuinyamula pa mtengo mpaka kudooko. Malume anadina batani. Panangomveka kuti thi, basi. Fyuzi inali itada. Ndinaika ina, nayo inapsa.

Malume sanayang'ane injini. Anayang'ana anthu.

Woyamba kuganiziridwa anali a Gondwe, mkulu wina wochokera kumpoto amene ankaolotsa anthu pa bwato lake lamtengo boti lisanabwere. Wina anakumbuka kuti anawaonapo ataima pafupi ndi chigafa chathu. Wina anati ankamwetulira pamene fyuzi imapsa. A Gondwe anali ndi mano otuluka, moti ankamwetulira ngakhale pamaliro, koma tsikulo palibe anafuna kukumbukira zimenezo.

Mawa lake fyuzi yachitatu itapsera m'manja mwanga, maso anatembenukira kwa ine. Mwana wa a Gondwe anali mnzanga, ndipo ndinali nditadyako mondokwa kwawo. Anandipisa m'matumba. Akazi a malume anandinunkhiza zala, kaya ankafuna fungo lanji. Malume anangoti yotsalayo ikapsa, ndimange zovala ndizipita kwa amayi anga. Ndinadziwa kuti sukulu ithera pomwepo.

Masana onse atapita kukadya, ndinatsegula chivundikiro. Ndinatsatira mawaya umodziumodzi, monga timafunira mbozi pa tsamba la fodya. Waya wofiira wochokera ku batire ndinaupeza utang'ambika khungu, mkati mwake mutabiriwira, ukukhudza chitsulo cha injini. M'mingoni monse munali fumbi loyera lonyowa. Ndinalawa pang'ono. Linaluma lilime. Anali feteleza.

Chilimwe chonse malume anali atakulunga injiniyo m'matumba a feteleza osachapa, monga timafunditsira chilichonse chamtengo wapatali, kaya mbewu, kaya wailesi. Mlimi aliyense amadziwa kuti feteleza amakoka chinyezi n'kudya khasu. Palibe anaganiza kuti injini nayonso ndi chitsulo.

Ndinaitana malume n'kuwasonyeza. Ndinati fyuzi sikulakwa, ikufa kuti mawaya asapse, ndipo waya wofiirawo usinthidwe kaye. Anayang'ana wayawo nthawi yaitali, kenako ine.

"Iwe, mawaya onsewa, wadziwa bwanji pali bala ngati wobaya si iwe?"

"Malume, ndangofufuza."

"Wakutuma ndani kufufuza?"

Kuyankhanso kukanakhala mwano.

Waya wofiira malume anangoukankhira pambali ndi chala. Fyuzi yotsala sanaifune, akuti yadutsa m'manja ambiri. Anadula waya womangira mikangala yoyanikapo fodya m'chigafa, n'kuupinda kawiri, n'kuuika pamalo pa fyuzi. Anati uwu ndiye saupusitsa munthu.

Injini inalira. Anthu anaomba m'manja, ena akundiyang'ana cham'mbali. Ine malume anandisiya pamtunda. Anaoloka bwinobwino, anapakira, n'kuyamba kubwerera boti litalemera mpaka madzi kufika m'milomo mwake. Ali pakati pa mtsinje ndinaona utsi wakuda, kenako fungo la mphira wopsa linatipeza pomwe tinaima. Injini inazima. Boti linazungulira kawiri, linakagunda mkuyu wogwa, n'kugudubuka.

Amene anakawavuula malume pa nthambi ya mkuyuwo anali a Gondwe, ndi bwato lawo lija. Atafika pamtunda malume sanathokoze. Anafunsa kuti a Gondwe anadziwa bwanji kuti akhale pafupi.

Lachisanu ndinabwerera kwa mayi, zovala zili m'mpango. Malume anamwalira patapita zaka zambiri osatchulapo nkhaniyi, ndipo ine sindinawapemphe kuti aitchule.

Lero pamalopo pali mlatho wa simenti. Anyamata a njinga zamoto amadutsapo akuthamanga, ndipo fyuzi ikawapsera ndimawaona akukulunga kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Ndimawauza kamodzi. Kawiri ayi.

Tsiku lija mtsinje unatenga matumba khumi ndi awiri a feteleza, injini imodzi, batire, ndi nsapato ya kumanzere ya malume. Mabanja asanu ndi limodzi anathyola fodya wachikasu wosapitirira m'bondo. Ine ndinataya Sitandade 7 ndi 8.