Galimoto Yoopa Matumba a Feteleza

Ntchito yanga yoyamba inapezeka pamaliro. Malume anga, omwe anali makaniko pakampani ina yogulitsa magalimoto ku Mponela, ananong'oneza manijala wawo kumanda komweko kuti mwana wa mlongo wawo akungokhala. Sabata yotsatira ndinali mu yunifomu, ndili pa miyezi yoyesedwa. Mwana wanga anali akuyamwa, bambo ake atalowera ku Joni osatsanzika, ndiye ntchitoyo ndinaigwira ndi manja awiri.

Tinkagulitsa mapikapu wamba, a giya yamanja, mipando yansalu ndi masipuling'i olimba kumbuyo. Ogula anali alimi a fodya a ku Dowa ndi Ntchisi, ndipo anali ndi kagulidwe kawokawo. Mlimi sankafunsa za injini. Ankabwera ndi matumba a feteleza pangolo, tinkapakira m'galimoto, iye n'kunjuta kuti aone mmene yatsikira kumbuyo. Kenako tinkakwera naye mtunda wa kwawo. Ikafika pakhomo osalira, mkulu wa mpingo ankaipempherera, malonda n'kutheka.

Ndiye eni ake opanga magalimotowo, kunja uko, anatopa ndi anthu onunkha fodya. Anasiya kupanga pikapu wamba n'kutitumizira yapamwamba: mipando yachikopa, giya yodzisintha yokha, kakanema kutsogolo, ndi bampala yonyezimira yolendewera ngati mimba ya nkhumba ya bere. Mushopu anaikamo matailosi oyera ndi makina a khofi amene palibe ankamwa. Manijala wakale anapumitsidwa, kunabwera a Chirwa ochokera ku Lilongwe, munthu wa perefyumu wofika pamalo mwini wake asanafike. Lamulo lawo linali lakuti galimoto iziyesedwa pa tala pokha, yopanda katundu. Zamanyazi. Dzinja lonse sindinagulitse ngakhale imodzi.

Msika wa fodya utatsegulidwa, kunafika a Chikuse a ku Bowe, kasitomala wathu wakale, ndi mayi akunyumba, mkulu wa mpingo, ndi ngolo yodzaza matumba. A Chirwa anandikokera pambali.

"Muwauze kuti pano si pa depoti ya feteleza. Koma asachoke osagula. Mukawaphonya awa, nanunso basi."

Anatero n'kupita kukadya. Ndinayang'ana matumba, ndinaganiza za mwana wanga, ndinatenga makiyi. Ndinkadziwa kuti a Chikuse sangagule galimoto imene sanaione itasenza.

Tinapakira. Pa tala inkayenda bwino, mayi aja mpaka anasisita chikopa cha mpando. Titakhotera msewu wafumbi inayamba kulira tii-tii pa chitsamba chilichonse, ngati yaona mkango. Pakamtsinje kapansi pa chitunda ndinachepetsa liwiro mmene ndinaphunzirira, koma kumbuyo kunali kutakhala pansi. Tinangomva khwee! Bampala inakodwa pamwala n'kung'ambika.

A Chikuse anatsika, ananjuta, anayang'ana kunsi nthawi yaitali.

"Mwana wanga, iyi ndi yonyamulira akwati. Ine ndimafuna yantchito. Tsitsani matumba anga, ngolo ikubwera."

Mkulu wa mpingo anangovala chipewa chake. Ndinawasiya m'mbali mwa msewu atakhalira matumba, ine n'kubwerera bampala nditaimanga ndi luzi.

A Chirwa atayiona anagwada pamatailosi, thalauzi la suti ndi lonse, n'kuyamba kuisisita.

"Mwaipweteka! Mayi inu, mwaipweteka!"

Munthu wamkulu, misozi ili m'maso chifukwa cha pulasitiki. Ndinkafuna kuseka. Anandiuza kuti ndisiye yunifomu kwa mlonda. Ndinalira mu minibasi, osati pamaso pawo.

Mvula isanagwe nthambi ya ku Mponela inatsekedwa. Malume ndi amakaniko anzawo anapatsidwa makalata owachotsa ntchito, a Chirwa anakwezedwa n'kubwerera kulikulu. Akuti alimi akuno sanakhwime pa zinthu zapamwamba.

Pano ndimagulitsa njinga zamoto pa boma la Ntchisi, ndipo mwana uja ali pasukulu. Chimene ndinatolapo n'chimodzi: bwana wolirira katundu kuposa wogula, musamuwerengere, yambani kufunsira ntchito kwina. Tsiku lija a Chirwa anandifunsa za bampala, za utoto, za fumbi la pamipando. Sanafunse kuti anthu atatu aja ndawasiya kuti.